Nkhani ya Mwini M'kamwa Mwanga

Anabwera Lachiwiri m'mawa, mu Juni, ndikutsegula kumene kashopu kanga ku Lufita. Kunali kuzizira kwa kwathu kuno kolowa m'mafupa, moti ndinali nditavala majuzi awiri. Anagogoda pa chitseko chimene chinali chotsegula kale, ndipo ulemu umenewo unandiopsa kuposa kukalipa.

"Odi, adada. Ndinu aphunzitsi a mabuku aja?"

Anali amuna awiri osavala yunifolomu. Wamkuluyo anavala jekete lachikopa, ndipo ndiye ankayankhula. Mnzakeyo ankangoyang'ana mashelefu.

"Tikufuna mukatithandize pang'ono ku ofesi. Simukachedwa."

Ndinapempha kuti tidzere kunyumba ndikatenge mankhwala anga a shuga. Anati palibe chifukwa, ndibwerako dzuwa lisanatenthe. Ndinakhoma loko ndi kusiya kiyi kwa telala woyandikana nane. Telalayo analandira kiyiyo osadzutsa mutu pa makina ake.

Ine ndine wa ku Misuku. Chichewa ndinachiphunzira kusukulu ndi ndodo, kenaka ndinachikonda mpaka kuchiphunzitsa ku sekondale kufikira nditapuma ntchito. Mu kashopu kaja ndinkagulitsa makope ndi zolembera, koma mtima wanga unali pa mashelefu a kumbuyo, pamene panali mabuku akale amene ndinatolera moyo wanga wonse. Ogula anali ochepa, obwereka ndiye anali ambiri, ndipo mkazi wanga ankati shopuyo ndi tchalitchi chopanda chopereka.

Ndinali ndi njira yanga yosankhira anthu mabuku, ndipo ndinkaumirira nayo. Munthu akati akufuna kulemba, sindinkamupatsa msanga buku lophunzitsa kalembedwe. Ndinkayamba ndi nthano yaitali koma yopyapyala, yoti aimalize, alawe kukoma kofika pa tsamba lomaliza. Kenaka ndinkamupatsa ina ya anthu olongolola, kuti khutu lake litseguke. Yachitatu ndinkasankha dala yoipa, yolembedwa mwaulesi, kuti aone kuti nazonso zimasindikizidwa, alimbe mtima. Akapirira zonsezi ndi pamene ndinkatulutsa mabuku a malangizo. Ndinali nawo awiri. Lina linali lonenepa, lochokera kunja, lolamula ngati kapitawo wa pa esiteti, ndipo ndinkalipereka kwa odzikuza. Linalo linali kabuku kothothoka chikuto, kosadziwika mwini wake, ndipo ndi kamene ndinkakakhulupirira. Kankanena zinthu ziwiri zimene ndinazisandutsa lamulo: yamba kulemba za m'nyumba mwako, ndipo usaweruze nkhani yako usanaimve m'kamwa mwa munthu wina.

Choncho Loweruka lililonse masana tinkakumana pa mabenchi kuseri kwa shopu, aphunzitsi, namwino, mlimi wa khofi, ndi ena ongofuna pokhala. Wolemba ankandipatsa nkhani yake mkati mwa sabata, ine ndinkasankha woiwerenga. Mwini nkhani ankakhala chete ngati sakuidziwa, n'kumamva pamene mnzake akupunthwa. Aliyense ankadziwa kuti wowerenga si wolemba.

Mayi amene nkhaniyi ikuzungulira pa iye sankakhala nafe pa mabenchi. Anali mkazi wa munthu wamkulu wa malole, mkulu wa mpingo, wodziwika dera lonse lino. Mayiyo anali wochokera kumwera. Ankabwera kudzagula makope a ana, ndipo tsiku lina anafunsa motsitsa mawu ngati ndili ndi buku loti munthu aiwale kumene ali. Ndinamupatsa lopyapyala lija, analibisa pansi pa masamba mu basiketi. Lachiwiri lija analibweza ndi madandaulo.

"Aphunzitsi, mayi wa m'bukumu akukhululuka msanga. Wolembayu sanamenyedwepo."

Ndinadziwa pomwepo kuti ndapeza wolemba. Loipa lija ndinalidumpha, ndinamupatsa kabuku kopanda chikuto. Patapita miyezi anabwera ndi mapepala opindidwa, nati akufuna kuimva m'kamwa mwa wina monga kabuku kananenera. Tinapangana kuti Loweruka akakhale kwa telala ngati akusoketsa diresi, pakuti pakati pa telala ndi mabenchi athu panali matabwa okha. Ndinawerenga ndekha kuti wina asaone kalembedwe ka dzanja lake.

Inali nkhani ya mwamuna wa malole amene katundu wake amadutsa malire m'njira zachidule. Amapemphera mokweza kuposa onse. Kuseri kwa chitseko cha kuchipinda kwake anapachika lamba wakale wa injini, ndipo lole ikagwidwa amayamba wakweza wailesi, kenaka n'kutsitsa lambayo. Munalibe dzina la munthu kapena la malo. Nditamaliza, makina a telala anali ataima. Ndinauza mayiyo pomubwezera mapepala kuti pa anthu onse amene ndinawaphunzitsa, palibe analembapo chotere. Anakawatentha tsiku lomwelo.

Chimene sindinadziwe n'chakuti mmodzi wa ife anajambula mawu anga pa foni. Sanachite mwankhanza, anaikonda nkhaniyo n'kutumizira mlongo wake. Posakhalitsa mawu anga ankamveka m'maminibasi ndi kometera tsitsi, ndipo dzina limene wolemba analisiya, anthu analiikamo okha.

Malo amene ananditengera sindiwatchula. Anandilanda lamba, nsapato ndi magalasi. Chipinda chinali cha simenti, chokhala ndi ndowa pakona ndi kazenera pamwamba, ndipo tinalimo ochuluka moti pogona tinkatembenukira limodzi. Mlandu wanga unkasintha dzina. Tsiku lina unali kunyoza munthu pa foni, lina kusokoneza mtendere. Za khoti ankati galimoto ilibe mafuta.

Lachinayi anandiitana. Wa jekete uja anandiikira mawu anga omwe pa foni mpaka kumapeto, akugwedeza mutu ngati akumva nyimbo.

"Mumawerenga bwino, aphunzitsi. Analemba ndani?"

"Ndine."

"Ayi. Anzanu a Loweruka tacheza nawo. Onse akuti kwanu kuja wowerenga si wolemba. Lamulo lake munaika ndinu."

Lamulo limene ndinaika kuti anthu asachite manyazi ndi limene linali kuloza chala kwa mayi uja. Ndinati tsiku limenelo ndinaswa lamulo langa, chifukwa mphunzitsi wokalamba amaopa kusekedwa ndi ophunzira ake.

"Chabwino. Nanga lamba wa injini kuseri kwa chitseko munamuona kuti? Kuchipinda kwa bwana munalowamo?"

Apa ndi pamene ndinamvetsa. Za malole ndi malire sizinkamuvuta mwini malole, pakuti ngakhale mbuzi za pamsika zinkadziwa. Chinkamusowetsa tulo chinali lamba uja. Ankafuna kudziwa amene anatulutsa za kuchipinda kwake, ndipo anthu olowa m'chipindamo sanali ambiri.

Ndinati ndinaziwerenga m'buku lina. Sabata yotsatira anabweretsa mabuku anga onse m'matumba a chimanga, n'kuwakhuthula pansi.

"Tisonyezeni tsamba lake."

Anandibwereka magalasi anga. Ndinagwada pa simenti n'kumatsegula buku ndi buku, ndikudziwa kuti mulibe. Ndinawagwira onse, lopyapyala lija, la anthu olongolola, ngakhale loipa lija limene tsikulo linandimvetsa chisoni ngati mwana wopusa wa m'nyumba. Ndinkawerenga pang'onopang'ono kuti nthawi ipite, ndipo m'mphepete mwa masamba ndinkapeza mawanga a mafuta ndi a khofi a anthu amene anawabwereka. Dzuwa litapendeka, wa jekete anatopa.

"Mulibe, eti?"

Ndinanyamula kabuku kopanda chikuto. Ndinati sindinakopere, ndinatsata malangizo. Kabukuka kamati munthu wa m'nkhani umupatse chida chochokera ku ntchito yake. Mphunzitsi amamenya ndi rula, mlimi ndi mpini wa khasu. Wa malole angamenye ndi chiyani ngati si lamba wa injini? Wolemba aliyense akanaganiza chomwecho.

Ndinaona kuti yankholo lamusangalatsa.

"Nanga ine mukanandipatsa chiyani?"

Ndinayesa kukana, koma anaumirira. Ndinayang'ana m'chipindamo. Munali tebulo, mipando, ndi ketulo yamagetsi pawindo. Ndinati waya wa ketulo.

Anaseka kwambiri, nauza mnzake atseke chitseko. Kabuku kaja sikananame. Pobwerera kuchipinda anachita kundigwira m'khwapa, ndipo masiku otsatirawo ndinkagona chafufumimba.

Mankhwala anga sanalole kuti alowe, ati mpaka dokotala awaone, ndipo dokotalayo sanabwere. Amene sadwala shuga sangadziwe ludzu lake. Lilime linkauma ngati chikopa, maso ankachita nkhungu, mapazi anayamba dzanzi, ndipo kabala kamene ndinadzipweteka pa chala cha kuphazi sikankapola. Kuzizira kwa Julaye kunabwera pamwamba pake. Ndinkaopa, ndipo sindibisa. Ndinkaopa kufera pafupi ndi ndowa ija, anthu n'kudzanena kuti anafera nkhani yongopeka.

Mkazi wanga ankabwera ndi nthochi zophika. Ankaloledwa kuima pa kauntala kwa kanthawi, mlonda ali pomwepo. Tsiku lina atandiona ndikuyenda mogwira khoma, anayika mbale pansi n'kuyamba kulira.

"Bambo, yowoyani waka, ingonenani. Tchulani munthuyo. Ine ndikudziwa kuti simunalembe ndinu, zaka zonsezi mumangoyamba osamaliza. Mukufera ndani?"

"Ndinalemba ndine, mayi."

"Mukundinamiza ine? Kaya ndi ndani, ali kwawo akudya. Inu mukuwola phazi. Ine ndikaika maliro chifukwa cha mabuku?"

Mlonda anali kumvetsera, komanso mkazi wanga ankanena zoona. Ndinabwerera kuchipinda ndikumukwiyira mayi uja. Ndinadzifunsa kuti ndi ndani kwa ine. Si mwana wanga, si wa mpingo wanga, si wa kwathu. Ndinadziuza kuti mwamuna wake amamumenya kale, chingasinthe n'chiyani. Koma ndinkadziwa chimene chingasinthe. Munthu amene amatsitsa lamba chifukwa cha lole yogwidwa, angatsitse chiyani atadziwa kuti mkazi wake wamuvula pamaso pa boma lonse? Ndinkadziwa, komabe ludzu linkapambana.

Lolemba lina chakumapeto kwa Julaye ndinagonja. Ndinauza mlonda kuti akaitane wa jekete, ndili ndi mawu. Dzina linali kale pa lilime. Ndinali nditakonza ndi chodzikhululukira chomwe, kuti ndikapempha asamupweteke.

Anandiitana masana. Nditalowa mu ofesi ndinapeza kuti sali yekha. Pa mpando wabwino panakhala mwini malole, atavala suti, ndipo pa benchi la kukhoma panakhala mkazi wake. Mayiyo anavala malaya a manja aatali, dzanja lamanzere analigoneka pamwendo mosamala ngati si lake. Sanandiyang'ane.

"Monire, asambizgi," anatero mwini malole mwaulemu wonse, kunditchula mphunzitsi m'chinenero cha kuno. Anandikankhira botolo la chakumwa chozizira, chotsekemera. Ndinaliyang'ana thukuta lake likutsika, osalikhudza. "Ine ndilibe nanu chifukwa. Ndinu bambo wathu. Koma m'nyumba mwanga muli khoswe, ndipo ndikufuna ndimudziwe. Mukangonditchulira, lero lomwe mukagona kwanu."

Anauza wa jekete kuti aike mawu aja pa foni. Nthawi yonse imene nkhani inkamveka, iye sanayang'ane ine, ankayang'ana mkazi wake. Mayiyo anamva nkhani yake kachiwiri m'kamwa mwanga, maso ali pa simenti. Pofika pa wailesi ndinaona mtsempha wa pakhosi pake ukugunda, ndipo ndinadziwa kuti mwamunayo akuuonanso.

"Amayi, mukuwadziwa awa?"

"Amagulitsa makope," anayankha.

"Makope okha?"

"Akuti muli ndi mawu, aphunzitsi," anatero wa jekete. "Nenani."

Sindikudziwa kumene ndinatenga mphamvu. Ndinamenya tebulo mpaka botolo lija linagwa. Ndinakuwa kuti ndatopa ndi chipongwe. Moyo wanga wonse ndakhala ndikuwerenga mabuku a anthu ena, lero ndalemba chinthu chimodzi chabwino, ndiye mukufuna kuchipereka kwa wina? Mukuganiza kuti nkhani imalembedwa ngati kuthyola masamba? Kenaka ndinaloza mayi uja, ndipo mawu amene ndinanena ndikuwakumbukira onse.

"Kapena mukuganizira awa? Bwana, tayang'anani bwino akazi anu. Mayi awa akabwera kushopu amalephera kusiyanitsa kope la masamu ndi la mizere. Munthu wotere angalembe chiganizo chimodzi choongoka? Kulemba kumafuna mutu. Awa mutu wawo ndi wosenzera ndowa. Mukandinyoza, ndinyozeni ndi munthu wanzeru."

Kenaka mwini malole anayamba kuseka, kuseka kwenikweni kochokera m'mimba, mpaka anapukuta misozi.

"Nadi, asambizgi, mwanena zoona. Awa? Awa ngakhale tiyi amapsereza."

Anakhulupirira chifukwa ndinamuuza chimene ankachikhulupirira kale. Ndinaona mapewa ake akutsika. Pamenepo ndi pamene mayi uja anadzutsa mutu n'kundiyang'ana kamodzi kokha. Ndinkayembekeza kuona kuthokoza kobisika, kapena mantha. Ndinaona munthu amene wamenyedwa pamalo pamene lamba sanafikepo.

Zotsala zinayenda msanga. Anandiuza kuti ndijambulitse mawu ena pa foni, ndipo ndinawanena monga anandiuzira: kuti nkhani ija ndinalemba ndine, kuti ndi bodza lochokera ku nsanje, kuti ndikupepesa kwa munthu wolemekezeka amene anthu anamuganizira molakwa. Anandibwerezetsa kangapo, ati mawu asamveke ngati ndikukakamizidwa. Wa jekete anati ndimawerenga bwino ndikafuna.

Ananditulutsa kumayambiriro kwa Ogasiti, m'mawa wa mphepo ndi fumbi. Anandibwezera lamba, amene tsopano anafuna bowo latsopano, ndi nsapato zimene imodzi sinalowe. Nditafunsa za mabuku, mlonda anandilozera kuseri kwa nyumba kumene amatenthera zinyalala.

"Kunkazizira, adada," anatero. Sananene mwachipongwe.

Mkazi wanga anandidikira pa geti ndi njinga yamoto ya hayala. Sanandifunse kanthu, anangondimanga chitenje chake m'khosi. Chala chachikulu cha phazi lamanja ndinakachisiya kuchipatala mwezi womwewo.

Ndinatsegulanso shopu, ya makope ndi zolembera zokha. Mabenchi a Loweruka ndinawapereka kwa telala. Ena mwa anzanga aja ankawoloka msewu akandiona, ena ankandigwira chanza mwachangu akuyang'ana kumbali. Mawu anga opepesa anayenda m'maminibasi momwe munayenda oyamba aja. Ndinali mfulu, koma ufulu wake unali wa munthu amene dera lonse likumudziwa kuti ndi wabodza wansanje. Ndinkadzitonthoza kuti mayi uja ali moyo, ndipo ndinkamuona patali pamsika akusankha tomato.

Mvula yoyamba itagwa, anabwera. Anali ndi ana ake awiri ndi chikwama chimodzi chaching'ono, chonga cha munthu wopita kusikelo. Mwamuna wake anali atawoloka malire kukalondola lole. Anati achimwene ake akumudikira ku Karonga, ndipo kumene akapite kuchokera kumeneko sandiuza. Anagula makope awiri kuti oona aone.

"Aphunzitsi, munati sindingalembe chiganizo choongoka."

"Ndinanama, mayi. Mukudziwa chifukwa chake."

"Ndikudziwa. Moyo wangawu ndi wa ana awa mwatigulira ndinu, ndipo phazi lanu ndaliona. Koma munanena bwino kwambiri. Amuna anga akhala akundiuza zomwezo chikwatirane, sindinkawamva. Inu munanena kamodzi, m'mawu omwe aja munawerengera nkhani yanga. Chichokereni tsiku lija, ndikagwira cholembera ndimamva inu."

Anayang'ana mashelefu a kumbuyo, amene munali fumbi lokha.

"Ndiye ndiwerenge chiyani tsopano?"

Moyo wanga wonse funso limenelo sindinalisowerepo yankho. Tsikulo ndinatambasula manja opanda kanthu. Anagwedeza mutu, natenga makope ake. Ali pakhomo anatembenuka.

"Mukadzamva kuti ndafika, mudzawauze kuti si bodza. Dzina langa musatchule, koma mudzanene kuti mwini wake alipo."

Uthenga unandipeza patapita nthawi, kudzera kwa munthu wa pamsika, kuti anafika, ana ali pasukulu, ndipo ali kutali kumene malole aja safika. N'chifukwa chake ndalemba izi, ndipo aka ndi koyamba kumaliza chimene ndayamba. Mkazi wanga wawerenga, wati ndikufunanso kukagona pa simenti. Mwina akunena zoona. Ndikuopa, koma ndaona kuti geti lija linanditulutsa thupi lokha. Munthu amene akusenza mawu amene anamuyika m'kamwa sanatuluke kwenikweni.

Choncho ndikunena pano ndi dzanja langa. Nkhani ija si yanga, ndipo si bodza. Lamba uja analipo, wailesi ija inkakwezedwa, ndipo amene analemba anali kuseri kwa matabwa akumvetsera.

Mayi, mabuku oti ndikusankhireni ndilibenso. Ndatsala ndi lamulo la kabuku kaja lokha. Izi zikakufikani, musawerenge nokha. Mupatse munthu wina akuwerengereni mokweza, kuti mumve m'kamwa mosakhala mwanga: pa anthu onse amene ndinawaphunzitsa, palibe analembapo ngati inu. Makope awiri aja munagula, limodzi ndi lanu.